Mneneri Woona Amadziwika Bwanji?

Mkhristu amene amawerenga Buku Loyera mwachidwi akhoza kuima mutu akafika pa nkhani ya aneneri. Deuteronomo 18:22 akuphunzitsa kuti munthu akalosa m'dzina la Chauta koma zinthuzo osachitika, uthengawo sudachokere kwa Chauta. Komabe Yona adalalika kuti mzinda wa Ninive uwonongedwa pakapita masiku 40, ndipo sudawonongedwe. Kodi Yona adali wonama? Buku lomwelo la Deuteronomo, pa mutu 13, likuchenjezanso kuti ngakhale chizindikiro cha mneneri chichitikedi, anthu asamumvere ngati akuwakokera kwa milungu ina. Tsono amene zake zachitika akhoza kukhala wonyenga, ndipo amene zake sizidachitike akhoza kukhala woona. Kodi Malembo akudzitsutsa?

Ayi. Yankho lili pa Yeremiya 18:7-10, pamene Mulungu akufotokoza kuti akaopseza mtundu wa anthu, iwo nkulapa, Iye amaleka chilangocho. Anthu a ku Ninive adasala zakudya natembenuka mtima. Uthenga wa Yona udagwira ntchito yake, chifukwa cholinga chake chidali kupulumutsa anthu.

Taonani tsono Hananiya pa Yeremiya 28. Iye adathyola goli limene Yeremiya adanyamula pakhosi, nalonjeza kuti pasanathe zaka ziwiri mphamvu za Babiloni zidzatha. Adali mawu okoma m'makutu, osapempha munthu aliyense kulapa. Hananiya adamwalira chaka chomwecho, ndipo pambuyo pake Yerusalemu adagwa. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ambuye Yesu adamanga nkhaniyi pa Mateyo 7:15-23. Mneneri amadziwika ndi zipatso zake, ndipo ena amene adalosa ndi kuchita zozizwitsa m'dzina lake adzakanidwa pa tsiku lomaliza. Funso lalikulu ndi lakuti: uthengawu ukumutengera kuti munthu?

Nkhaniyi si yakale ayi. Masiku ano maulosi ali ponseponse, pa wailesi, pa kanema ndi pa WhatsApp. Ena aleka kumwa mankhwala a kuchipatala chifukwa adauzidwa kuti achira. Mabanja ena apasuka, ndipo agogo ena anenedwa kuti ndi mfiti chifukwa cha mawu a munthu wodzitcha mneneri. Zipatso zotere sizichokera kwa Mzimu Woyera.

Komabe Mkhristu asathamangire kunyoza zonse. Paulo Woyera, pa 1 Atesalonika 5:19-21, akuletsa kuzimitsa Mzimu ndi kupeputsa maulosi, koma akulamulanso kuti zonse ziyesedwe. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, ndime 67, akuphunzitsa kuti uthenga umene munthu walandira payekha sungaonjezere kapena kukonza zimene Mulungu adaulula mwa Khristu. Ntchito yake ndi kuthandiza anthu kuzitsata bwino pa nthawi yawo.

Choncho wolandira ulosi adzifunse: kodi ukugwirizana ndi Mthenga Wabwino? Kodi ukubala kulapa, chikondi ndi chilungamo, kapena mantha, chidani ndi kufuna ndalama? Kodi mwini uthengawo akulola kuti Mpingo umuyese? Asasenze yekha nkhani yotere. Aitengere ku mphakati kapena kwa bambo mfumu, asanataye mankhwala, asanaloze mbale wake chala.

Mzimu Woyera aunikire akhristu onse a parishi ino kuti azindikire mawu a Mbusa Wabwino. Amen.