Lupanga Lokulungidwa M'nsalu

Werengani 1 Samueli 21:1-15

Mu 1991 kampani ya ku Japan ya Capcom inatulutsa gemu yotchedwa Mega Man: Dr. Wily's Revenge, yoseweredwa pa Game Boy, kamakina ka m'manja komwe Nintendo inayamba kugulitsa mu 1989. Kamakinako kankadya mabatire anayi. Sikirini yake inali yaing'ono, yobiriwira, yosayaka, moti kukada unkafunika kusendera pafupi ndi nyale. Batani limodzi linali lodumphira, lina lowombera, basi. Komatu amene anaisewerapo amadziwa kuwawa kwake. Ukaponda minga yachitsulo wafa pomwepo, ngakhale mphamvu zako zikhale zodzaza. Ukaphonya podumpha wagwera m'dzenje. Pali malo ena pomwe njerwa zopondapo zimaoneka n'kuzimiririka, ndipo waphuma sawoloka. Uyenera kuima kaye n'kuloweza kuti iti imabwera pambuyo pa iti, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Gemu zina za Mega Man zili ndi matanki osungira mphamvu yodzawonjezera zinthu zikathina, koma muno mulibe.

Chimene chimandigwira mtima m'gemuyi si kuvuta kwakeko ayi. Poyamba umasankha wekha loboti yoti ukalimbane nayo mwa zinayi: Cut Man, Elec Man, Ice Man ndi Fire Man. Yoyambayo ndiye imakukhetsa thukuta, chifukwa umapita ndi kamfuti kako kamasiku onse, ndipo umagwa kambirimbiri usanadziwe mayendedwe ake. Koma ukangoigonjetsa, chida chake chimakhala chako. Mphezi yomwe Elec Man ankakupha nayo ija imalowa m'manja mwako, ndipo ndi yomweyo imene Ice Man amaiopa. Ukathana ndi Ice Man, chisanu chake n'chimene chimafooketsa Fire Man. Chomwe chinkakuliza dzulo, lero ukulowa nacho pa khomo la mdani wina.

M'ndime yathu ya lero mulinso chida chotere. Davide ali pothawa. Mfumu Sauli ikufuna moyo wake, ndipo iye wafika ku Nobu kwa wansembe Ahimeleki ali ndi njala, m'manja mulibe ngakhale mkondo. Atapempha chida, wansembeyo anamuuza kuti chilipo chimodzi chokha, lupanga la Goliati, lokulungidwa m'nsalu kuseri kwa efodi, chovala cha wansembe. Taganizani. Lupanga limeneli linasulidwa kuti lidzaphe Aisraeli. Linali la munthu amene anaima m'chigwa cha Ela masiku 40, m'mawa ndi madzulo, kunyoza ankhondo a Mulungu. Davide anamugwetsa ndi mwala, n'kumudula mutu ndi lupanga lake lomwelo. Nkhondo ija inatha, anthu anavina n'kubalalika, koma lupanga linasungidwa m'nyumba ya Mulungu mpaka tsiku limene mnyamatayo anabwera chimanjamanja.

Abale ndi alongo, ine ndimakhulupirira kuti Mulungu sataya chilichonse cha nkhondo zimene anatiwolotsa. Izi sizikutanthauza kuti mavutowo anali abwino. Goliati sanali dalitso, ndipo matenda, ngongole ndi maliro si madalitso. Koma mayi amene anadwazika mwamuna wake miyezi yambiri m'chipatala, kugona pakhonde ndi kuphikira panja, amatuluka akudziwa zinthu zomwe sakanaziphunzira kwina kulikonse: nthawi imene madokotala amayendera odwala, kafunsidwe kake, mawu amene amatonthoza ndi amene amangowonjezera chisoni. Mwana wa mnzake akagonekedwa m'chipatala, ndi mayi ameneyu amene amadziwa choti anyamule m'dengu ndi nthawi yoti angokhala chete. Bambo amene anasiya mowa patatha zaka akulimbana nawo amamva bodza la chidakwa chinzake lisanatuluke n'komwe pakamwa, ndipo amatha kumudzudzula osamunyoza. Ambiri a ife tinakulunga zoterezi m'nsalu n'kuzibisa, mwina chifukwa cha manyazi, mwina chifukwa kukumbukira kumapweteka. Tikakumana ndi vuto latsopano timalira kuti tilibe kanthu, chonsecho chida chilipo.

Nkhaniyi ikanathera pamenepa bwenzi ili yokoma, koma pitirizani kuwerenga. Atalandira lupanga, Davide analunjika ku Gati, kwa mfumu Akisi. Gati ndi kwawo kwa Goliati! Anyamata a mfumu anamuzindikira, mantha anamugwira, ndipo anapulumuka podzisandutsa wamisala, kukandakanda zitseko za pachipata malovu akuchucha m'ndevu. Lupanga lotchuka lija silinamuthandize kanthu tsiku limenelo. Mutu wa Salimo 56 umalumikiza salimolo ndi nthawi imene Afilisti anamugwira ku Gati, ndipo mukaliwerenga mupeza munthu wamantha amene watsala ndi Mulungu yekha.

Gemu ija nayo imakuphunzitsa zomwezi, ndipo imaphunzitsa mosanyengerera. Zida zolanda kwa adani zili ndi muyeso, ukaziwombera mwachisawawa zimatha, ndipo chida chimene chinagwetsa mdani uyu kwa wina chimangodunda. Kunyumba ya mdani wamkulu, Dr. Wily, umakumana ndi maloboti ena anayi, Bubble Man, Flash Man, Quick Man ndi Heat Man, kenako n'kutulukira Enker, amene amakweza mkondo wake kumwa zipolopolo zako n'kukubwezera. Wadzaza zida m'thumba, koma chomwe chimamugwetsa Enker ndi kamfuti kaja unayamba nako, kamene sikatha, ndiponso kudekha podziwa nthawi yowombera ndi nthawi yozinda.

Apa mpamene akhristu okhwima amapunthwa kawirikawiri. Munthu amene Mulungu anamuwolotsa kale amayamba kudalira umboni wake m'malo modalira Mwini umboniwo. Chifukwa choti iye anachira atasala kudya masiku atatu, amauza wodwala aliyense kuti asale masiku atatu. Chifukwa choti banja lake linakhazikika atapirira, amauza mkazi womenyedwa kuti apirire, osafunsa ngati moyo wake uli pachiswe. Uku n'kulowa ndi lupanga la Goliati mu mzinda wa Gati, ndipo kumavulaza anthu. Zimene tinadutsamo ndi zoti tizigwiritsa ntchito mwapemphero, titayamba tamvetsera kaye kuti nkhondo ya mnzathuyo ndi yotani.

Zoti musinkhesinkhe: Khalani chete kwa kamphindi. Tchulani pamaso pa Mulungu vuto limodzi limene munkaganiza kuti likumalizani koma munalidutsa. Linakusiyirani chiyani m'manja? Ndani pafupi nanu, kumpingo, kuntchito kapena pakhomo, amene ali pomwe munali inu? Musanamuuze nkhani yanu, mwamufunsa yake?

Pemphero: Atate wakumwamba, Inu mukudziwa malo amene ndinagwa mobwerezabwereza, ndipo ndinu munandidzutsa. Ndipatseni kulimba mtima kuti ndimasule nsalu imene ndinakulungamo zowawa zanga. Mundionetse munthu woti ndimuyendere lero, ndipo ndikafika pakhomo pake mugwire lilime langa mpaka nditamva zonse zimene akufuna kunena. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.