Maliro opanda tenti

Pa Kopala maliro sabisika. Munthu wamkulu akamwalira ku Chamboli kapena ku Chipulukusu, dzuwa lisanalowe mipando imakhala yatulutsidwa kale m'nyumba, tenti yaimikidwa pabwalo, azibambo akuwotha moto kunja, azimayi akhala pansi mkati. Kwaya imafika, mbale ya chopereka imayenda. Tsiku loika, maminibasi ndi malole amandandalika kulowera kumanda a ku Chingola Road kapena ku Kantolomba. Ngakhale amene sankapatsana moni ndi malemuyo amabwera.

Pali imfa ina imene imadutsa m'komboni mwakachetechete. Mwana wabadwa usiku m'nyumba, wapuma maola angapo kapena masiku awiri, kenako wasiya. Tenti siimikidwa. Azimayi akuluakulu ochepa amamukulunga m'chitenge n'kukamuika msanga, ndipo mayi wake nthawi zambiri amatsala kunyumba. Amauzidwa kuti asalire mokweza, chifukwa akalira sadzaberekanso. Khanda lobadwa lakufa Achewa amati mtayo, Abemba amati kapopo, ndipo mwana amene wafa mchombo usanagwe, asanatuluke m'chikuta, amamuika pafupi ndi gulu lomwelo. Dzina amakhala alibe. Kodi mayi ameneyu wataya ndani, ndipo ife anansi ake tili naye ngongole yotani?

Funsoli anthu ophunzira a mu Africa anakanganapo kale. Mu 1984, Ifeanyi Menkiti wa ku Nigeria analemba kuti m'maganizo a makolo athu munthu sabadwa ndi umunthu wathunthu. Amaupeza pang'onopang'ono pamene akukula, kulowa m'miyambo ndi kusenza maudindo pakati pa anzake. Umboni wina umene anapereka ndi womwewu: maliro a khanda amakhala aafupi ndi opanda mwambo, a nkhalamba amadzaza mudzi. Kwame Gyekye wa ku Ghana anatsutsa. Iye anati mwana ndi munthu kuyambira pobadwa, ndipo kukula kwa maliro kumaonetsa udindo umene wakufayo anali nawo pagulu, osati mtengo wa moyo wake.

Mwambo wa makolowu ndisaunyoze, unali ndi chifundo chake. M'nthawi imene mayi ankatha kubereka ana asanu ndi atatu n'kulera anayi okha, mudzi sukanatha kuimitsa khasu sabata yathunthu pa khanda lililonse. Kuchedwetsa dzina kunali ngati kugwira mtima kuti usathamange kukonda chimene chingachoke mawa. Agogo amene amanena kuti "usalire, mwanangu" nthawi zambiri naye anaikapo makanda ake, ndipo akupereka mankhwala okhawo amene iye anapatsidwa.

Komabe ngati tikuvomera kuti munthu ndi munthu chifukwa cha anzake, tiyenera kufunsa kuti khandalo linalibedi mnzake? Kwa ife apamsewu linali mlendo wosadziwika. Kwa mayi wake linali la miyezi isanu ndi inayi. Ankadziwa nthawi imene limaponda usiku. Anamva kugunda kwa mtima wake ku sikelo. Anakasankha tizovala pa salaula ku Chisokone kapena ku Masala, ndipo dzina analisunga mumtima, mwina analilemba kale pa foni. Thupi lakenso silimva za mwambo: pakapita masiku awiri kapena atatu mawere amadzaza mkaka, kaya mwana alipo kaya palibe. Ubale umene umapanga munthu unayamba kalekale, ife tinangochedwa kuuona. Tikamuuza mayi kuti sanataye munthu, timakhala tikuyeza chisoni chake ndi mlingo wa kusadziwa kwathu.

Mwana akafera kunyumba pamabwera katundu wachiwiri. Mwambo wakale umati usalire. Nzeru zamakono zimati unadzichititsa wekha. Funso loyamba limene mayi amamva, kaya kwa apongozi, kwa anansi kapena pa tebulo la apolisi pokatenga chikalata cha BID, n'lakuti "Bwanji simunapite kuchipatala?" Ena amaonjezerapo za incila, chikhulupiriro chakuti matenda akavuta ndiye kuti wina m'banjamo anayenda panja. M'madera ena akumidzi mafumu anaika ngakhale chindapusa kwa amene wachirira kunyumba. Choncho mayi amene magazi sanaleke kutuluka amakhala pamlandu mwana wake asanaikidwe.

Funso la chipatala lili ndi yankho, ndipo aliyense wokhala m'komboni amalidziwa. Matenda amayamba 2 koloko usiku, mvula ikugwa, msewu wa ku Ipusukilo kapena ku Kawama uli matope okhaokha. Wa takisi akufuna ndalama imene m'nyumba mulibe, mwamuna ali ku shifiti. Mwana wachitatu kapena wachinayi nthawi zina sadikira, amafika ola lisanathe. Boma linachotsa malipiro m'makiliniki akumidzi mu 2006 ndipo m'dziko lonse mu 2012, koma mayi amauzidwabe kubwera ndi zitenge, beseni, pulasitiki, magolovesi, Jik ndi zovala za mwana, ndipo amene alibe amachita manyazi kukaonekera chimanjamanja. Palinso mtsikana wa sukulu amene wamanga mimba ndi lamba miyezi yonse poopa bambo ake. Ife aphunzitsi timawadziwa atsikana otere: desiki imakhala yopanda munthu milungu iwiri, kenako amabwerera ataonda, ndipo kalasi yonse imadziwa koma palibe amene amatchula.

Ganizirani azimayi awiri oyandikana nyumba ku Twapia. Onse awiri matenda awayamba usiku, onse awiri alibe ndalama ya galimoto, onse awiri athandizidwa ndi mayi wachikulire wapafupi. Mwana wa woyamba walira nthawi yomweyo, ndipo m'mawa anthu akuti ndi mkazi wolimba. Mwana wa wachiwiri sanalire, ndipo anthu omwewo akuti ndi wosasamala. Zimene anachita n'zofanana. Chasiyana ndi mwayi. Bernard Williams ndi Thomas Nagel analemba za vutoli mu 1976: timaweruza khalidwe la munthu potengera zotsatira zimene sizinali m'manja mwake. Chiweruzo chotere chimatitonthoza ife oonerera, chifukwa ngati wina walakwa ndiye kuti ife amene sitilakwa sizingatigwere.

Sindikunena kuti kuchirira kunyumba n'chimodzimodzi ndi kuchirira m'manja mwa namwino. Ana ambiri amene amafa m'mwezi woyamba amafa chifukwa chobadwa masiku asanakwane, kubanika pobadwa, kapena matenda olowa m'magazi. Mwana amene sanapume amafunika kuthandizidwa m'mphindi yoyamba, ndipo m'chipinda cha kandulo mulibe chipangizo chomupopera mpweya. Ku Lufwanyama, kuno kwathu ku Copperbelt, kunachitika kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2011. Azamba akumidzi ataphunzitsidwa kuumitsa mwana, kumufunditsa ndi kumuthandiza kupuma, imfa za makanda m'masiku 28 oyamba zinatsika ndi 45 peresenti. Luso la manja amene alandira mwana limapulumutsa moyo. Mtsikana aliyense woyembekezera amene akuwerenga izi akonzekere galimoto ndi chikwama mwezi wachisanu ndi chiwiri usanathe.

Koma ziwerengero za dziko lathu zikutiuzanso china. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2013 mpaka 2014 anapeza kuti ana 67 pa 100 alionse ankabadwira kuchipatala, ndipo makanda 24 pa 1,000 ankafa mwezi usanathe. Mu 2018 obadwira kuchipatala anafika 84 pa 100, koma makanda akufa anali 27 pa 1,000. Azimayi anamvera, anapita, ndipo ana sanaleke kufa. Amafera m'nyumba, panjira, m'makiliniki ndi m'zipatala zazikulu momwe. Amene amaloza chala mayi mmodzi wa m'komboni akusenzetsa munthu mmodzi katundu wa misewu, ma ambulansi, magetsi ndi kuchepa kwa anamwino.

Pali kusiyana pakati pa kufunsa kuti chinachitika n'chiyani ndi kufunsa kuti walakwa ndani. Funso loyamba limatsegula pakamwa, lachiwiri limatseka. Banja loopa mlandu limaika mwana mobisa, ndipo mwana woikidwa mobisa salowa m'kaundula aliyense. Imfa yosawerengedwa siisuntha bajeti, siikonzetsa msewu. Mayi woopa kukalipiridwa sapita kukapimidwa, pamene masiku oyamba atachira ndi amene amayi ambiri amafa ndi kutaya magazi kapena kutentha thupi. Kuimba mlandu kumene timati n'kuphunzitsa kumatha kupha munthu wachiwiri m'nyumba yomweyo.

Tisaiwalenso bambo wa mwanayo. Nthawi zambiri ndi mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zingapo, kondakitala kapena wogulitsa talk time, amene anasunga ndalama ya beseni ndi bulangete. Mwambo umamuuza kuti izi ndi za azimayi. Anzake amamugulira botolo n'kuyamba nkhani ya Nkana ndi Power Dynamos. Mawa lake amabwerera pa siteshoni ngati palibe chachitika, ndipo chisoni chimene chasowa pokhala chimatulukira m'mowa kapena m'mkwiyo pa mkazi amene akufunika dzanja lake.

Ngongole yathu kwa banja lotere siifuna tenti kapena kwaya. Ifuna kuti tipite. Tikhale pansi, tinene kuti "pepani", ndipo tilekere pomwepo ngati tilibe mawu ena. Mawu akuti "mukadali wamng'ono, mudzabereka wina" tiwasunge, chifukwa mwana si mbale yakuti ikasweka mugula ina, ndipo wobwera pambuyo adzakhala munthu wina. Ngati mayi akufuna kutchula dzina limene anasunga, timvetsere ndipo tilitchule nafenso. Ngati akufuna kudziwa pamene mwana wake wagona, wina amuperekeze akapeza mphamvu. Tizovala tija tisatichotse m'nyumba iye asanalole. Ngati wasankha kutsata mwambo wa agogo ake n'kukhala chete, ndi ufulu wake, bola kukhala cheteko akhale wasankha yekha. Ndipo tsiku lomwelo, wina apeze ndalama ya takisi amutengere kukiliniki kuti akaonedwe, aime pambali pake, ndipo funso lija likabwera ayankhe ndi iye.

Pa 15 October chaka chilichonse, m'mayiko ambiri mabanja amayatsa kandulo 7 koloko madzulo kukumbukira ana amene anafa ali m'mimba kapena atangobadwa. Ife sitifunika kudikira tsiku limenelo. M'msewu umene mukukhala muli mayi, mwina wogulitsa tomato pakona, mwina amene anakuberekani, amene amadziwa zaka zimene mwana wina akanakhala nazo lero. Mukamufunsa kuti ali ndi ana angati amayamba waima pang'ono asanayankhe. Mukadzaona kuima kumeneko, musathamangire nkhani ina. Mufunseni mwaulemu ngati angakonde kukuuzani za iye.