Kodi Kutalikirana Kungakhale Chikondi?



Funso lomwe ndikufuna tiganizire limodzi lero ndi ili: munthu ukamamukonda, koma pa tsiku lake lalikulu n'kumuuza kuti "usandiyandikire, ndipo ine sindikuyandikira", kodi wamuchitira chifundo kapena wamulanda kanthu? Funsoli ndalitenga ku nkhani ya ophunzira a ku Hawaii amene anamaliza sekondale mu 2020, mliri wa Covid-19 uli pachimake.

Hawaii ndi zilumba za pakati pa nyanja ya Pacific. Zinakhala dera la dziko la America mu 1959, koma zili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000 kuchokera ku California. Kumeneko mwana akamaliza sekondale, chimwemwe chake chimakhala ndi maonekedwe akeake. Mwambo ukatha, makamu a anthu amakhamukira pabwalo. Banja lililonse limanyamula chikwangwani chokhala ndi dzina ndi chithunzi cha mwana wawo kuti awapeze msanga m'chikhamumo. Kenako aliyense wobwera, kaya ndi agogo, azakhali, mnansi kapena mphunzitsi wakale, amamuveka m'khosi nkhata yomwe iwo amaitcha lei, n'kumupsompsona patsaya. Ife nkhata ya maluwa timaidziwira kumanda, koma kwa iwo imavekedwa munthu wamoyo. Zina zimakhala za maluwa onunkhira ngati pikake ndi plumeria, zina za masamba a maile, zina za maswiti, zina za ndalama zopindidwa mwaluso. Amamuunjikira mpaka nkhatazo kufika m'makutu, mwana n'kumangooneka maso okha. Kukana lei kapena kuivula pamaso pa amene wakuveka ndi mwano.

Taonani kuti mwambo wonsewu wagona pa kukhudzana. Kuveka munthu nkhata kumafuna kuti uime pafupi naye mpaka kumva kupuma kwake. Ngakhale moni wamakolo awo, wotchedwa honi, ndi wogunditsana mphuno ndi kupumira mpweya umodzi. Ndiye kachilombo koyenda ndi mpweya kanangofikira penipeni pamene chikondi chawo chimaonekera.

Wodwala woyamba ku Hawaii analengezedwa kumayambiriro kwa March 2020. Ana anapita ku tchuthi cha mwezi umenewo ndipo sanabwererenso m'kalasi chaka chimenecho. Bwanamkubwa David Ige analamula anthu kukhala m'nyumba, ndipo kuyambira pa 26 March aliyense wofika pazilumbazo, mlendo ndi mwini dera yemwe, ankabindikiritsidwa masiku 14. Mu April nthambi ya zamaphunziro inalengeza kuti miyambo yomaliza sukulu sichitika monga mwa nthawi zonse. Sukulu iliyonse inapeza njira yake. Zina zinachita pa intaneti. Zina zinakonza kuti banja lililonse lidutse pasukulu pa galimoto imodzi, mwana atavala gauni ndi masiki, alandire satifiketi yake, aphunzitsi akugwedeza manja chapatali. Zithunzi za ana zinapachikidwa pa mipanda. Koma chikhamu chija cha nkhata kunalibe.

Pali yankho lina lomwe anthu akuluakulu amathamangira: "Aaa, anthu akufa, inu mukulirira maluwa?" Ine yankho limeneli sindigwirizana nalo. Mwambo wotsanzikana uli ndi ntchito yomwe satifiketi singagwire. Satifiketi imanena kuti mayeso wakhoza, basi. Mwambo umauza mwana kuti anthu anamuona akukula, akudziwa kumene wachokera, ndipo akumumasula kuti apite. Nkhata iliyonse m'khosi mwake ndi munthu amene akunena kuti "ndinalipo". Pamene zikumulemera, akumva m'thupi mwake kuchuluka kwa manja amene anamulera. Komanso ana ambiri a ku Hawaii akamaliza sekondale amakwera ndege kukaphunzira, kukagwira ntchito kapena kukalowa usilikali kutsidya kwa nyanja, ndipo ena sabwereranso kudzakhazikika chifukwa moyo pazilumbazo ndi wodula. Kwa kalasi yonse, tsiku limenelo ndi lomaliza kukhala pamalo amodzi. Ukwati ukhoza kuusuntha n'kuuchita chaka chamawa. Tsiku lomaliza la ubwana silisunthika, likapita lapita. Choncho tivomereze kaye kuti anawo anataya chinthu chenicheni.

Tsopano mbali inayo. Anthu a ku Hawaii sanaphunzire za miliri mu 2020. Kuchokera pamene sitima za Captain James Cook zinafika mu 1778, matenda achilendo anawasesa motsatizana. Mfumu Kamehameha II ndi mkazi wake Kamāmalu anamwalira ndi chikuku ku London mu July 1824, motalikirana masiku ochepa. Mu 1848 ndi 1849 chikuku, chifuwa chokoka mtima ndi chimfine zinapha anthu zikwizikwi. Mu 1853 kunabwera nthomba. Mtundu womwe unali wa anthu zikwi mazanamazana unatsala osakwana 40,000 pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Chipatala cha Queen's ku Honolulu chinakhazikitsidwa mu 1859 ndi Mfumukazi Emma ndi Mfumu Kamehameha IV chifukwa choona anthu awo akutha. Sukulu za Kamehameha, zomwe zinatsegulidwa mu 1887, zinachokera pa chuma chomwe Bernice Pauahi Bishop anasiya, nayenso ataona mtundu wake ukuchepa. Anthu a mbiri yotere akamva kuti kwabwera nthenda yatsopano pa ndege, amadziwa chomwe chingatsatire.

Onjezani kuti mabanja ambiri kumeneko amakhala agogo, makolo ndi zidzukulu denga limodzi. Achikulire amawatcha kūpuna, ndipo ndi amene amasunga chilankhulo, nyimbo ndi mibadwo ya banja. Covid-19 inkaopsa kwambiri okalamba. Ndiye tangoganizani agogo a zaka 80 m'chikhamu chija, akupsompsona mdzukulu amene wapsompsonedwa kale ndi anthu makumi asanu. Amene akanaika moyo wawo pachiswe kwambiri ndi omwewo amene sakanalola kujomba. Ine ndikuona kuti kuimitsa mwambowo kunali koyenera. Chisangalalo cha tsiku limodzi, ngakhale chikhale chachikulu bwanji, sichingalipiridwe ndi maliro a agogo.

Koma ndisanamalize ndi mawu akuti "kutalikirana kunali chikondi", mbiri ya Hawaii yomweyo ikundigwira dzanja. Mu 1865 ufumu wa Hawaii unakhazikitsa lamulo lopatula odwala khate. Kuyambira January 1866 anayamba kuwatumiza ku chigawo cha Kalaupapa pa chilumba cha Molokaʻi, malo ozunguliridwa ndi nyanja mbali zitatu ndi maphompho aatali kumbuyo. Anthu pafupifupi 8,000 anatumizidwa kumeneko, ambiri mwa iwo eni nthaka, ena ali ana. Oyambawo anapeza malo opanda nyumba zokwanira, opanda chakudya chokwanira, opanda chithandizo chenicheni. Makanda obadwira kumeneko ankalandidwa kwa makolo awo. Anthu anaipatsa nthendayo dzina loti maʻi hoʻokaʻawale, kutanthauza nthenda yolekanitsa. Mankhwala ochiza anafika m'zaka za m'ma 1940, koma lamulolo linachotsedwa mu 1969. Zaka zoposa makumi awiri anthu anakhalabe pansi pa lamulo la mbindikiro, chifukwa chake chitatha kale.

Nawonso amene ankakweza odwala m'sitima ankati akuteteza anthu. Mawu ake ndi omwewo amene tinkamva mu 2020. Ndiye ngati mawu akufanana, tingasiyanitse bwanji kutalikira munthu chifukwa chomukonda ndi kumutaya? Apa ndi pamene funso lathu likuvutira, ndipo ndikuganiza kuti pali zinthu zitatu zoyang'ana.

Choyamba, ndani akulipira? Ku Kalaupapa mtolo wonse unagwera odwala, ena onse moyo unkapitirira. Mu 2020 ana sanasenze okha. Hawaii imadalira alendo, ndipo mu 2019 inalandira alendo oposa 10 miliyoni. Lamulo la masiku 14 linaimitsa zonsezo, mahotela a ku Waikiki anakhala pululu, ndipo mu April 2020 munthu mmodzi mwa asanu aliwonse ofuna ntchito analibe ntchito. Ogulitsa nkhata mumsewu wa Maunakea ku Honolulu, amene mwezi wa May ndi nyengo yawo yokolola, anangokhala manja lende. Makolo amene ankauza mwana kuti mwambo kulibe anali atataya malipiro awo chifukwa cha lamulo lomwelo. Munthu wopempha mnzake kuti adzimane ayenera kukhala atadzimana kale.

Chachiwiri, kodi wotalikirayo akuyesetsa kuonekabe? M'zaka zoyamba za Kalaupapa kunali anthu otchedwa kōkua, kutanthauza othandiza. Anali amuna, akazi kapena achibale osadwala amene anasankha okha kutsagana ndi wodwala wawo kukamuphikira, kumutungira madzi ndi kumuika m'manda. Wansembe wa ku Belgium, Damien, anapita kumeneko mu 1873, anatenga nthendayo, namwalira mu 1889. Anthu amenewa anakana kuti kupatulidwa kusanduke kuiwalidwa. Mu 2020 njira inali yosiyana, chifukwa kupita pafupi ndiko kukanavulaza. Komabe mtima wake ndi womwewo. Mphunzitsi amene anaima padzuwa maola angapo kugwedeza dzanja kwa galimoto iliyonse sanakakamizidwe ndi satifiketi, chifukwa satifiketi ikanatha kupita pa positi. Kutumiza pa positi kunali kophweka komanso kotetezeka. Anasankha njira yotopetsa kuti mwana aone nkhope ya munthu. Chikondi chikatsekeredwa khomo chimafuna zenera, pamene ulesi umangokondwa kuti wapeza chifukwa.

Chachitatu, kodi pali malire? Kutalikirana kwa chikondi kumawerenga masiku, ndipo chifukwa chikatha nakonso kumatha. Kwa Kalaupapa kunapitirira chifukwa mantha ndi chizolowezi zinali zitalowa m'malo mwa chifukwa chenicheni. M'sukulu za ku Hawaii miyambo inabwerera pang'onopang'ono m'zaka zotsatira, ndipo nkhata zinaunjikananso mpaka m'makutu. Anthu kumeneko potsanzikana amati a hui hou, kutanthauza kuti mpaka tidzakumanenso. Wonena mawu amenewa wadzimangirira kuti adzabwerera.

Ndi zitatuzi ndikutha kunena kuti inde, kutalikirana kwa 2020 kunali chikondi. Koma zimenezi sizifafaniza ngongole. Anawo ndi amene anali pa chiopsezo chochepa, koma anapereka chinthu chomwe sichingabwezedwe. Akuluakulu ntchito zawo zinabwerera, mahotela anadzazanso, pamene kalasi ya 2020 inabalalika osavekana nkhata pabwalo limodzi. Pa 16 May chaka chimenecho Barack Obama, amene anabadwira ku Honolulu n'kumaliza sukulu ya Punahou mu 1979, analankhula pa kanema kwa ophunzira onse omaliza a ku America. Zinali zabwino, koma mawu a munthu wotchuka pa kanema sangalowe m'malo mwa dzanja la agogo ako. Chomwe anawo ankayenera kumva kwa anthu awo ndi chakuti: "Tikudziwa chomwe mwataya, mwachitaya chifukwa cha ife, ndipo zikomo." Kuuza munthu kuti apirire n'kwabwino. Kumuuza kuti palibe chomwe akupirira ndi kumunyoza, chifukwa ukumulanda ngakhale ulemu wa nsembe yake.

Nkhaniyi ndi ya kutali, koma funso lake timakumana nalo kawirikawiri. Mnzathu akadwala nthenda yopatsirana, wachibale akakhala m'ndende, kapena wina akapita kunja n'kusowa ndalama yobwerera pa ukwati kapena pa maliro, mtunda umakhalapo ndipo nthawi zina palibe amene walakwa. Chomwe chimatsala m'manja mwathu ndi zomwe tichite ndi mtundawo. Tikhoza kunena kuti "zinthu zake ndi zovuta" n'kupuma, mumtima tikusangalala kuti tapeputsidwa. Tikhozanso kuimba foni sabata iliyonse, kusiya chakudya pakhomo, kutumiza kangachepe, kapena kuima kunja kwa mpanda kuti atione. Paja amati kali kokha n'kanyama, ndipo munthu wopatulidwa amayamba kudzimva choncho msanga ngati palibe womuonetsa kuti akumuwerengerabe.

Tsono abale anga, aliyense adzifunse yekha: pali munthu amene ndamutalikira ndikumati ndi chifukwa cha zinthu? Kodi inenso ndikulipirapo kanthu, kapena mtolo wonse uli pa iye? Ndayesa njira ina yoti andione? Ndipo chifukwa chimene chinatilekanitsa chikadalipo, kapena chinatha kale ine n'kungozolowera? Ngati chinatha, musadikire mawa. Mufunefuneni lero lomwe.