Tigawane Kapena Tipitirize?

Sabata ino tiyeni tipite ku Las Vegas, tikakhale pa tebulo la makhadi. Musadandaule, sindikukuitanirani ku juga ayi. Kungoti pa tebulopo pamabuka funso limene ndikufuna tilisinkhesinkhe limodzi.

Mu 2003, pa mpikisano waukulu wa World Series of Poker, panalowa anthu 839, mpando uliwonse madola 10,000. Pamapeto panatsala awiri: Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee yemwe anapata mpando wake atapambana kampikisano kotchipa ka pa intaneti, ndi Sam Farha, katswiri wozolowera matebulo a ndalama zambiri. Mphoto yoyamba inali madola 2.5 miliyoni, yachiwiri 1.3 miliyoni. Ma chips a Moneymaker, timabatani timene osewera amabetchera tija, anali pafupifupi kuwirikiza kawiri a mnzakeyo. Komabe iye ndi amene anapempha kuti angogawana pakati ndi pakati. Farha anakana. Masewera anapitirira, ndipo Moneymaker anapambana.

Ndiye ndikufunseni: kugawana kumene anapemphako kunali kwachilungamo?

Musafulumire kunena kuti Farha anapusa poti analuza. Zimenezo mwazidziwa chifukwa mwaona mathero. Pangano timaliyeza ndi zimene anthu ankadziwa pamene ankapangana, makhadi otsalawo asanatembenuzidwe.

Funsoli ndi lakale. Mu 1494, Luca Pacioli analemba kuti masewera akadukizidwa, ndalama zigawidwe molingana ndi maulendo amene aliyense wapambana kale. Mu 1654, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat analemberana makalata pa nkhani yomweyi ndipo anaitembenuza. Tiyerekeze kuti awiri aika makobiri 32 aliyense, ndipo woyamba kupambana katatu atenga onse 64. Wina wapambana kawiri, wina kamodzi, basi masewera aima. Pascal analingalira chonchi: wotsogolayo akapambana ulendo wotsatira atenga 64, akaluza afanana ndi mnzake ndipo aliyense atenga 32. Choncho 32 ndi zake kale, ndipo 32 zinazo azigawane pakati. Iye 48, mnzake 16. Mwaona? Gawo la munthu silichokera pa zimene wachita kale, likuchokera pa mwayi umene watsala nawo.

Tibwerere kwa awiri aja ndi nzeru imeneyi. Aliyense anali kale ndi 1.3 miliyoni m'thumba, ndiye ankalimbirana 1.2 miliyoni yokha. Mukaigawa potsata ma chips, Moneymaker akanatenga pafupifupi 2.1 miliyoni, Farha 1.7 miliyoni. Kugawana pakati kukanapatsa aliyense 1.9 miliyoni. Kunena kwina, Moneymaker ankapereka madola pafupifupi 200,000 kuti agule mtendere wa mumtima.

Osewera akakhala atatu kapena kuposa, nkhani imavutirapo. Tinene kuti mphoto ndi 500, 300 ndi 200, ndipo mmodzi ali ndi ma chips 70 pa 100 alionse. Mukagawa ndalama zonse potsata ma chips, iyeyo atenga 700, kuposa mphoto yoyamba yeniyeniyo! Nchifukwa chake osewera amagwiritsa ntchito njira yotchedwa Independent Chip Model, yochokera ku masamu amene David Harville anakonzera mipikisano ya akavalo mu 1973. Njirayi imawerengera mwayi wa munthu aliyense wothera pa nambala wani, thuu kapena firii, kenaka n'kumupatsa gawo lake.

Koma abale, masamu amenewa amaona ma chips okha, saona munthu. Amatenga ngati onse ali ndi luso lofanana. Apa ndi pamene katswiri ngati Farha angaimirire n'kunena kuti zaka zake pa tebulo nazonso zili ndi mtengo. Kodi akunama? Ayi ndithu. Vuto ndi loti luso lilibe sikelo, ndipo aliyense pa tebulo amadziyesa dolo.

Chinanso chimene masamu saona ndi mantha. Kwa munthu wolemera, kutaya 600,000 ndi kupunthwa chabe. Kwa munthu wodikira malipiro a pamwezi, ndi moyo wonse. Uyu amadziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo, ndiye amalolera kulandira zochepa bola zikhale zotsimikizika. Ine sindiona cholakwa pamenepa. Ngakhale wolipira inshuwalansi amachita zomwezo. Cholakwa chimabwera pamene wina waona mnzake akunjenjemera, n'kumuuza kuti "tenga izi, apo ayi uchoka chimanjamanja", chikhalirecho akudziwa kuti mnzakeyo sanawerengere gawo lake. Pamenepo onse agwirana chanza, inde, koma mmodzi wadyeredwa masuku pamutu.

Ndiye kwa ine, kuvomerezana kokha sikukwanira. Pangano lotere ndi lachilungamo ngati onse akudziwa chimene masamu akunena, ngati wolandira zochepa akudziwa kuti akusiya zingati komanso chifukwa chake, ndiponso ngati aliyense angathe kunena kuti "ayi, tipitirize" popanda kumuzunguza kapena kumunyogodola. Poyeza chonchi, pempho la Moneymaker linali labwinobwino, poti amene ankataya ndi iye mwini, mwa kufuna kwake. Kukana kwa Farha nakonso kunali ufulu wake, ngakhale kunamudyera ndalama.

Mwina simudzagwirako khadi la poker moyo wanu wonse. Koma tsiku lina mudzathetsa bizinesi imene munayamba ndi mnzanu isanabale phindu, ndipo mudzakhala pansi kuti mugawane. Ngati inuyo ndi amene mukudziwa bwino mtengo weniweni wa gawo lake, iye asakudziwa, mudzamuuza?