Mwana akasankha mathero a sewero, kodi walanda mpando wa Mulungu?

Pa Songani, pamene msewu wochoka mumzinda wa Zomba umalunjika ku Domasi ndi ku Liwonde, moyo wa mabanja ambiri umatsata madzi a nyanja ya Chilwa. Nyanja ikadzaza, matemba ndi milamba zimasefukira pamsika. Ikaphwa, monga idachitira mu 1968 ndi mu 1995, mabwato amagona pamatope ong'aluka, ndipo njala imayenda khomo ndi khomo. Mwana wokulira m'dera lotere sachedwa kumva mawu akuti "ndi mmene Mulungu analembera." Amawamva pamaliro, amawamva mvula ikakana, ndipo nthawi zina amawamvanso mchemwali wake akasiyira sukulu panjira. Nchifukwa chake mtundu wina wa zisudzo, umene umapatsa ana oonera mphamvu yosankha kumene nkhani ilowere, ukudzutsa funso lalikulu kuposa zisudzozo. Ngati zonse zidalembedwa kale, kodi kuuza mwana kuti "sankha mathero" si kumunamiza, kapenanso kumuphunzitsa kudzikuza pamaso pa Mlengi? Yankho langa ndi lakuti ayi. Sewero lotere, likachitika moona mtima, limaphunzitsa mwana kusiyanitsa chimene wapatsidwa ndi chimene wasiyiridwa m'manja, ndipo umenewu ndiwo mtima wa chipembedzo chokhwima.

Tiyerekeze bwalo la sukulu ya pulayimale, ana atakhala mozungulira pansi pa mtengo wa mango. M'sewero muli mtsikana wa sitandade 7 amene bambo ake ndi msodzi. Nyanja yaphwa, ufa watha, ndipo bambo wina wa geni ya mpunga wafika ndi mawu ofuna banja. Pamene makolo akuti avomere, wotsogolera amaimitsa sewero n'kufunsa ana kuti, "Kodi mnzanuyu achite chiyani?" Wina akuti athawire kwa azakhali, wina akuti akanene kwa amfumu, wina akuti angolola kuti abale ake adye. Osewera amatenga yankho lililonse n'kuliyesa pamaso pa onse, kapena amaitana mwana amene walankhulayo kuti alowe yekha m'bwalo. Njirayi idatchuka ndi Augusto Boal wa ku Brazil, amene mu 1973 ali ku Peru adaona mayi wina woonera akulowa m'sewero chifukwa osewera ankalephera kuchita zimene iye ankatanthauza. Kuno kwathu mbewu yake idamera ku Zomba konkuno. Gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College, mothandizidwa ndi aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, lidayesa zisudzo zokambirana ndi anthu ku Mbalachanda mu 1981, kenako m'midzi ya ku Liwonde pa nkhani za umoyo. Bungwe la CRECCOM, lomwe lidakhazikitsidwa ku Zomba mu 1999, lidapitiriza njirayi polimbikitsa maphunziro, makamaka a atsikana.

Chofunika kuchiona ndi malire a mphamvu imene ana amapatsidwa. Palibe mwana amene angaimike dzanja n'kunena kuti nyanja idzaze, sewero n'kumumvera. Kuphwa kwa nyanja ndi maziko a nkhani, ndipo kumakhalabe pomwepo mayankho onse akamayesedwa. Chimene chili chotseguka ndi zochita za anthu mkati mwa chilalacho. Makolo athu ankadziwa kusiyana kumeneku. Nthano ya nadzikambe ndi buluzi imatiuza kuti uthenga wa imfa udafika msanga ndipo sungabwezedwe. Imeneyo ndi mbali ya moyo yomwe timangoilandira. Koma makolo omwewo ndiwo adatinso wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Vuto lathu ndi lakuti timasakaniza ziwirizi. Timatenga chinthu chimene anthu asankha, monga kukwatitsa mwana wa zaka 14, n'kuchiveka dzina la chifuniro cha Mulungu, ngati kuti ndi chimodzimodzi ndi mvula ya namondwe Freddy ya mu 2023. Mwana amene waona nkhani imodzi ikutha m'njira zitatu zosiyana, nyanja ili chiphwere, waphunzira ndi maso ake kuti si chilichonse chowawa chimene chidagwa kumwamba.

Wokhulupirira wina adzati: Mulungu amadziwa mapeto chiyambi chisanafike, tsono kusankha kwa munthu n'chithunzithunzi chabe. Nkhawa imeneyi si yachibwana. Ili m'chiphunzitso cha mpingo wa CCAP, umene uli ndi mizu yake m'derali ku mishoni ya Domasi, ndipo ilinso m'chiphunzitso cha Chisilamu cha kadari, chimene ana a m'madera a Ayao amaphunzira kumadrasa. Komabe zipembedzo zonse ziwiri sizimasula munthu ku udindo wake. Zonse zimaphunzitsa za tsiku la chiweruzo, ndipo chiweruzo chilibe tanthauzo ngati munthu sadasankhe kanthu. Mwambo wa Chisilamu umasunga nkhani ya munthu amene adauzidwa kuti ayambe wamanga ngamira yake, kenako adalire Mulungu. M'Baibulo, mneneri Natani atafuna kudzudzula mfumu Davide pa nkhani ya Uriya, sadayambe ndi mlandu. Adasimba za munthu wolemera amene adalanda kankhosa kamodzi ka mmphawi, n'kusiya Davide kuti agamule yekha, ndipo chigamulocho chidamugwera mwini wake. Yesu naye, atasimba za Msamariya wachifundo, adafunsa womvera kuti atchule yekha amene adali mnansi. Fanizo la mwana wolowerera limatha tisanauzidwe ngati mkulu wake adalowa m'nyumba ya phwando. Choncho nkhani yosiyira womvera mathero si yachilendo m'nyumba ya chikhulupiriro. Ndi njira yakale yodzutsira chikumbumtima, chifukwa chimene munthu wagamula ndi pakamwa pake sangachikane mawa.

Akuluakulu ena adzadandaula za mwambo. Adzati mwana sayankha pamene akulu akulankhula, ndipo nthano ili ndi mathero ake amene agogo adasiya. Kuwasintha ndi kuphunzitsa mwano. Koma tikumbuke kuti ngakhale nthano ya pamoto siyenda popanda omvera. Wosimba akati "padangokhala," amadikira "tili tonse," ndipo ana akaleka kuvomera, nthano imafera pomwepo. Pabwalo la milandu, mfumu yanzeru imamva mbali zonse isanagamule. Sewero losankhitsa limangopatsa mwana malo oyeserera luso limeneli asanakule. Ulemu weniweni sufanana ndi mantha. Mtsikana amene sadaphunzirepo kunena "ayi" mwaulemu kwa munthu wamkulu ndiye amagwa m'manja mwa wamkulu woipa. Malamulo a dziko lino, kuchokera pamene adasinthidwa mu 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silingalankhule m'malo mwa mwana amene pakamwa pake padatsekedwa kuyambira ali wakhanda. M'mera mpoyamba.

Chitsutso cholemera kuposa zonse ndi china. Kawirikawiri otsogolera masewerowa amafika m'mudzi atanyamula kale yankho, lomwe nthawi zina ndi la bungwe lopereka ndalama. Amafunsa ana ngati kuti akufuna maganizo awo, koma amangoyamikira yankho limene akulifuna. Kumeneko si kusankha, ndi ulaliki wovala chigoba, ndipo ana amazindikira msanga n'kuyamba kuyankha zokondweretsa alendo. Komanso mwana angathe kusankha sukulu m'bwalo, n'kubwerera kunyumba kumene mulibe ufa ndipo palibe womufunsa maganizo. Zonsezi ndi zoona, koma zikutsutsa sewero lochitidwa mwachinyengo, osati njirayo. Mankhwala ake ndi kulola kuti yankho lililonse liseweredwe mpaka zipatso zake zioneke. Amene wati mtsikana athawe aone kuti kwa azakhali nakonso kuli njala. Amene wati akanene kwa amfumu aone mkwiyo wa bambo ake. Amene wati alole aone mimba ya mwana wosakhwima. Makolo, aphunzitsi, mashehe, abusa ndi mafumu akhale pomwepo, chifukwa mayankho ambiri a ana amathera pakhomo la munthu wamkulu, ndipo wamkuluyo ayenera kumva dzina la udindo wake likutchulidwa.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo idzaphwanso pa nthawi imene palibe wa ife angaisankhe. Chakudza sichiimba ng'oma. Ana amene lero akukhala pansi pa mtengo wa mango ndiwo adzakhale makolo pa chilala chimenecho, ndipo wina adzagogoda pakhomo pawo ndi mawu ofuna mwana wawo wamkazi. Pa tsikulo adzafunika zinthu ziwiri: kudzichepetsa kolandira chimene sangachisinthe, ndi kulimba mtima kokana kunamizira Mulungu chimene manja awo akufuna kuchita. Amene adaimapo m'bwalo ali mwana, n'kunena kuti nkhani ingathe kutha mwanjira ina, sadalande mpando wa Mulungu. Adangokhala pa mpando umene Mulungu adaikira munthu, wa woyankha pa zochita zake.