Khama ndi Liuma: Phunziro la Intel pa Msika wa Mafoni

Funso lakuti munthu aleke liti ntchito imene yamudyera chuma chambiri koma osabala zipatso ndi lakale m'chipembedzo ndi m'nzeru za makolo, pakuti khama limatamandidwa pamene liuma limadzudzulidwa, chikhalirecho ziwirizi zimafanana kwambiri pamaso. Mbiri ya kampani ya ku America ya Intel, imene imapanga mapurosesa, kutanthauza tizipangizo tomwe timawerengetsera ndi kuyendetsa malangizo onse m'kati mwa kompyuta kapena foni, imathandiza kuzisiyanitsa.

Intel inalamulira msika wa mapurosesa a makompyuta kwa zaka zambiri, koma mu 2006 inagulitsa kwa kampani ya Marvell nthambi yake ya XScale, yomwe inkapanga mapurosesa a zipangizo zam'manja, ndipo mafoni amakono atafala anadalira kapangidwe ka kampani ya ARM ya ku Cambridge, kamene sikadya moto wambiri. Pofuna kulanda malo amene inataya, Intel inayamba kuthandiza ndi ndalama opanga matabuleti kuti aziikamo mapurosesa ake a Atom, ndipo nthambi yake ya zam'manja inaluza madola pafupifupi 3.1 biliyoni mu 2013 ndi 4.2 biliyoni mu 2014. M'chaka cha 2014 chomwecho inaikanso madola 1.5 biliyoni m'kampani ya ku China ya Tsinghua Unigroup, mwini wake wa Spreadtrum, kampani yopanga mapurosesa a mafoni, koma mu 2016 inathetsa mapurosesa a mafoni amene inkakonza, n'kulengeza kuti ichotsa antchito 12,000.

Chimene chinasowa pa khama lonseli chimaonekera bwino ku Phalombe, komwe nyumba zambiri zilibe magetsi a ESCOM, ndipo mlimi wa nandolo amapita pa Migowi kapena pa Chiringa kukasiya foni yake pa benchi la wotchajitsa, pamene mafoni a itel ndi Tecno amandandalikidwa pa nthambo zopiringizana. Mlimiyo safunsa dzina la purosesa. Amafunsa mtengo wa foni ndi masiku amene batire idzakhale isanathe, chifukwa pafoniyo ndi pamene amalandirira ndalama za Airtel Money kapena Mpamba ndi kumva mitengo ya mbewu. Mapurosesa a makampani a MediaTek ndi Unisoc, yomwe kale inali Spreadtrum, anafika m'manja otere chifukwa anapangidwa moganizira thumba losauka ndi moto wochepa.

Apa ndi pamene pagona kusiyana. Khama limayang'ana chosowa cha munthu amene akutumikiridwa, ndipo limalola kusintha njira chosowacho chikafuna, pamene liuma limayang'ana ulemu wa mwini ntchito ndi chuma chimene wataya kale, n'kumathirabe china poopa manyazi. Fanizo la womanga nsanja m'mutu 14 wa Uthenga Wabwino wa Luka limalangiza kuwerengera mtengo ntchito isanayambe, koma kuwerengerako kuyenera kupitirira ngakhale maziko atakumbidwa, pakuti zimene zinawonongeka dzulo sizingasandutse cholakwa kukhala cholondola. N'chifukwa chake kulapa, komwe ndi kuvomereza kulakwa ndi kutembenuka, kuyenera kuwerengedwa monga mbali ya khama lenileni. Kuchedwa kutembenuka kulinso ndi mlandu pamaso pa Mulungu ndi anthu, chifukwa amene amasenza zotsatira zake kawirikawiri ndi antchito ndi mabanja awo, omwe sanakhalepo pamene chiganizocho chinkamangidwa.