Chosafunika n'chiti, ndipo anena ndani?

Nkhani yoti tiwerenge ndi kukambirana sabata ino ndiyambira m'nyumba mwanga, chifukwa ndi mmene ndinaiphunzirira, ndipo ndinaiphunzira mochititsa manyazi.

Mu Novembala 2023 ndalama yathu ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mu Meyi 2022 inali itachepetsedwa kale ndi 25 peresenti. Nonse mukukumbukira mmene zinthu zinalili m'magolosale. Shuga, mafuta ophikira, sopo, zonse zinkakwera mtengo ngati zikupikisana, malipiro okha ali chiimire. Usiku wina kumapeto kwa mwezi umenewo, ana atagona, ine ndi mayi akunyumba tinakhala pansi ndi pepala lothothola m'kope la mwana, n'kulemba zonse zimene timagula pamwezi. Tinagwirizana kuti tifufute zosafunika. Cholembera chinali m'manja mwanga, ndipo sindinachedwe. Ndinadula mzere pa mafuta akumaso a mayi, kenako pa lipisitiki, kenako pa perefyumu. Ndinamva ngati ndagwira ntchito yaikulu.

Iwo anangoyang'ana pepalalo kwa kanthawi. Kenako anati, "Bambo a mwana, tandibwerekaniko cholemberacho." Anadula mzere pa bandulo ya intaneti yomwe ndimaonera mpira, pa ndalama yometetsa sabata iliyonse, ndi pa kabaza amene ndimakwera popita kuntchito ngakhale ndi ulendo woti munthu n'kuyenda wapansi. Atamaliza anandifunsa modekha, "Nanga izi ndi ndiwo?"

Sindinayankhe. Chimene chinandiwawa si mizere yawoyo ayi, koma kuzindikira kuti zinthu zitatu zanga zija ndinazilumpha osaziona n'komwe. Kwa ine zinali mbali ya moyo basi. Za iwo ndizo zinali zosafunika.

Funso lathu ndi ili: moyo ukadula, kodi ndi bwino kusiya kugula zodzoladzola zamtengo wapatali? Ambiri tiyankha msanga kuti inde, ndipo sitikulakwa. Zambiri mwa zinthu zimenezi zimachokera kunja, zimagulidwa ndi ndalama zakunja, choncho kwacha ikagwa ndizo zimayamba kudumpha mtengo. Palibe munthu wanzeru amene angagule botolo la mafuta onunkhira mwana akubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Koma yankho lamsangali limabisa zinthu ziwiri. Limaganiza kuti tonse tikudziwa kale chimene chili chosafunika, ndiponso limasiya osafunsa kuti wogwira cholembera ndani.

Tiyambe ndi shelefu ya m'sitolo. Pa shelefu imodzi pamakhala mabotolo ooneka ofanana, koma ntchito zawo n'zotalikirana kwambiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mphepo yozizira ikamaomba, khungu limatuwa, milomo imasweka, zidendene zimachita ming'alu mpaka kutuluka magazi. Mafuta odzola pa nthawi imeneyo si chionetsero. Agogo athu ankadziwa zimenezi kusanabwere masitolo. Agogo anga aakazi ankakazinga nsatsi, kuzisinja, kuziwiritsa m'madzi, n'kumaengula mafuta oyandama pamwamba, ndipo mwana aliyense akasamba ankadzozedwa. Anali anthu osauka, koma sanaonepo kudzola ngati kuwononga chuma.

Mwina wina anena kuti, chabwino, zotchipa tisunge, zodula tisiye. Koma mtengo nawo si muyeso wokwanira. Taganizirani mnzathu wachialubino. Khungu lake lilibe chitetezo ku dzuwa, ndipo khansa ya pakhungu imatenga miyoyo ya ambiri a iwo akadali achinyamata. Mafuta oteteza ku dzuwa ndi odula kuposa mafuta ambiri odzola, ndipo m'sitolo amaikidwa pafupi ndi maphoda ndi malipisitiki. Kwa iye botolo limenelo ndi mankhwala. Munthu amene angafufute mzere umenewu poona mtengo wokha wachita nkhanza, ngakhale cholinga chake chinali kusamala ndalama.

Nanga lipisitiki? Apa ndiye pamene ine ndinkaganiza kuti palibe chokambirana. Munthu safa chifukwa chosapaka milomo. Koma nditafunsa mayi akunyumba chifukwa chake chinawawawa, anandiuza zimene sindinaziganizirepo. Iwo amagwira ntchito yolandira alendo pa ofesi ina. Anati mwezi ukafika pakati, m'chikwama mutatsala ya minibasi yokha, nsapato itatha chidendene, kachinthu kakang'ono kameneko ndi kamene kamawathandiza kuima pamaso pa anthu osamva ngati umphawi walembedwa pachipumi. "Diresi latsopano sindingathe," anatero, "koma ichi chimanditha miyezi inayi."

Si iwo okha. Mu 2001 Leonard Lauder, yemwe ankatsogolera kampani ya zodzoladzola ya Estée Lauder ku America, ananena kuti chuma chikavuta malonda a lipisitiki amakwera, chifukwa anthu amene alephera kugula zazikulu amadzitonthoza ndi zazing'ono. Akatswiri a zachuma amatsutsana ngati zimenezi zimachitikadi nthawi zonse, ndipo tisaiwale kuti wonenayo anali wogulitsa. Komabe pali choonadi china chimene aliyense wa ife akuchidziwa: munthu akapanikizika safuna nsima yokha. Amafunanso kachinthu komukumbutsa kuti akadali munthu. Kwa wina ndi kapu ya tiyi wamkaka, kwa wina ndi mpira wa Loweruka, kwa wina ndi kafungo kabwino pakhosi.

Ena amaganiza kuti munthu wokonda zauzimu ayenera kunyoza zonsezi, ndipo amafulumira kutchula mwambi wa chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu ndi woona, koma ndaona kuti timakonda kuuponyera amayi, pamene bambo wopukuta nsapato mpaka kuwala timamutcha waukhondo. Tikumbukirenso kuti m'Kitáb-i-Aqdas, Bahá'u'lláh sanangolamula ukhondo wa thupi ndi zovala, koma analimbikitsanso kugwiritsa ntchito madzi a maluwa a rozi ndi mafuta onunkhira. Choncho kufuna kuoneka bwino ndi kununkhira bwino si tchimo loti kukwera kwa mitengo kwabwera kudzatichotsera. Ndi chinthu chabwino, chimene nthawi zina timayenera kuchisiya chifukwa cha chinthu china chabwino koposa. Kusiyana kumeneku n'kofunika. Wosiya chinthu choipa sayenera kupepesedwa. Wosiya chinthu chabwino chifukwa cha ana ake wapereka nsembe, ndipo ayenera kuthokozedwa. Ine usiku uja sindinathokoze. Ndinafufuta ngati ndikuchotsa zinyalala.

Koma musaganize kuti ndikuikira kumbuyo botolo lililonse. Pali zina zimene sitigula chifukwa cha thanzi kapena chimwemwe, koma chifukwa cha mantha. Zimenezi ndizo zimadya ndalama zambiri, ndipo sizikhutitsa.

Chitsanzo choonekeratu ndi mafuta oyeretsa khungu. Amapezeka m'misika yathu, ena otchipa, ena odula kwambiri. Ambiri mwa iwo amakhala ndi mercury, hydroquinone kapena mankhwala amphamvu a steroid. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lakhala likuchenjeza kuti mercury imawononga impso ndi mitsempha, ndipo ingathe kuvulaza mwana amene ali m'mimba. Ma steroid amapepukitsa khungu, ndipo munthu akafuna kusiya, nkhope imatuluka ziphuphu ndi kuyabwa, ndiye amabwereranso kukagula. Hydroquinone akaidzola nthawi yaitali imatha kusiya zigamba zakuda zovuta kuchotsa, zomwe munthu amaziphimbanso ndi phoda. Dziko la Côte d'Ivoire linaletsa mafuta otere mu 2015, ndipo Rwanda inayamba kuwalanda m'masitolo kumapeto kwa 2018. Taonani mmene malonda amenewa amayendera: choyamba munthu amauzidwa kuti khungu limene anabadwa nalo ndi vuto, kenako amagulitsidwa mankhwala a vutolo, kenako mankhwalawo amabala vuto lenileni lofuna mankhwala ena. Mtsikana amene watenga ngongole ku banki m'khonde kuti asadukize kudzola sakugula kukongola. Akulipira msonkho kwa mantha ake. Zotere n'zoyenera kusiya ngakhale kwacha italimba mawa.

Ndipo abambo anzanga, tisachite ngati manthawo anagwa ndi mvula. Ndife amene timati "mkazi woyera bwino" ngati kuti kuyera ndi khalidwe. Ndife amene timatembenuka pamsewu, alongo athu ndi ana athu aakazi akuona. Kenako madzulo timakhala pansi ndi cholembera n'kumadabwa kuti ndalama zikuthera ku mafuta.

Mafuta akumaso a mayi akunyumba sanali oyeretsa khungu. Koma patapita masiku angapo, iwo okha anabwera ndi mabotolo awiri, lodula lija ndi lina wamba limene ana amadzola, n'kuti tiwerenge tizilembo tating'onoting'ono ta kumbuyo. Zoyambirira kulembedwa, zomwe ndizo zimakhala zochuluka m'botolo, zinali zofanana: madzi, glycerine, ndi mafuta ofewetsa khungu. Kusiyana kwakukulu kunali fungo, kukongola kwa botolo, ndi dzina. Anaseka, kenako anandiuza kuti anayamba kugula lodulalo tsiku lina anzawo akuntchito atatulutsa mabotolo awo m'zikwama, iwo n'kuchita manyazi kutulutsa lawo. Kwa zaka ziwiri ankalipira manyazi a tsiku limodzi. Analisiya, ndipo sanalisowe. Sindikunena kuti mafuta onse odula ndi chinyengo. Alipo ena olembedwa ndi adokotala a khungu amene amagwiradi ntchito yake. Ndikungonena kuti botolo lomwelo limene ine ndinalifufuta mwamphamvu n'kuyambitsa mkangano, mwini wake analisiya mosavuta atafunsa yekha kuti, kodi ndikugula chiyani kwenikweni?

Pali chotsutsa chimodzi chimene ndiyenera kuchilemekeza. Wina anena kuti, aphunzitsi, zonsezi n'zokamba anthu okhala ndi malipiro. M'nyumba mukakhala mulibe ufa, palibe nthawi yofufuza zolinga za mumtima. Chilichonse chosadyedwa chipite. N'zoona. Njala ikalowa, chimwemwe chaching'ono chimapatuka, ndipo amayi ambiri amachita zimenezi popanda wowauza. Ndipotu vuto limene ndimaliona kawirikawiri m'midzi ndi m'makomboni mwathu si mayi wowononga ndalama pa phoda, koma mayi amene anasiya kalekale kudzigulira kalikonse, amene amasambira sopo wochapira ndi kudzola zotsalira m'botolo la mwana, ndipo palibe amene anazindikira. Mabanja ambiri sali pa njala yeniyeni koma pa kupanikizika, pamene ndalama ikukwana zina n'kulephera zina. Pamenepo ndiye pamene chilungamo chimayesedwa, chifukwa pali chosankha, ndipo wamphamvu m'nyumba amatha kusankha kuti nsembe yonse igwere wina.

Chimene chandithandiza kuganiza bwino ndi lamulo la Huqúqu'lláh. Monga tikudziwa, gawo la 19 peresenti limaperekedwa pa chuma chotsala munthu atachotsa zofunika pa moyo wake. Koma palibe mndandanda wotiuza kuti nsapato zingati ndizo zofunika kapena sopo wanji ndiye wopyola muyeso. Zimenezo zinasiyidwa kwa munthu mwini ndi chikumbumtima chake, ndipo palibe wololedwa kumukakamiza. Ngati pa nkhani yolemera chotere munthu amakhulupiriridwa kuti adziyeze yekha, ine ndinali ndani woti ndiyeze zofunika za mkazi wanga popanda kumufunsa? Ufulu umenewu suli wopepuka. Kudziyeza wekha n'kovuta kuposa kuuzidwa, chifukwa mtima ndi loya wochenjera, ndipo umatha kusandutsa chilakolako chilichonse kukhala chofunika. Wanga unasandutsa kabaza.

Pepala lija tinalilembanso. Ulendo uno aliyense anagwira cholembera pa zinthu zake, mnzake n'kumangofunsa mafunso. Ine ndinasiya kabaza kupatula tsiku la mvula, ndipo ndimameta kawiri pamwezi. Bandulo ya mpira ndinaichepetsa koma sindinaisiye, ndipo ndivomereze kuti pamenepo mayi anandiyang'ana nthawi yaitali asanagwedeze mutu. Iwo anasiya mafuta odula aja ndi kupita ku saluni pafupipafupi. Tsitsi amalukana ndi mng'ono wawo. Lipisitiki inatsala. Perefyumu anati sagulanso, koma botolo limene linalipo azidontheza pang'ono pa masiku a Phwando la Masiku 19 ndi pa maukwati.

Botolo limenelo latsala pang'ono kutha tsopano. Sabata yatha ndinaliona pawindo, ataliimika chozondoka kuti madontho otsala atsikire kukamwa. Mitengo sinatsike, ndipo mwana wathu woyamba akulowa fomu 1 chaka chino. Ndaganiza zosiyiratu mpira kwa miyezi itatu kuti ndiwagulire lina. Koma sindinawauze, chifukwa ndikudziwa kuti akamva anena kuti ndalamayo ipite ku yunifolomu, ndipo sindikudziwa ngati kugula mwakachetechete sikukhalanso kugwira cholembera ndekha.